Chobiriwira Chofatsa Pabalaza pa Alamu Anga ku Ludzi

Mwezi wa Ogasiti ndinali ku Ludzi, m'boma la Mchinji, kwa alamu anga. Nyumba yawo ili mtunda wongoyenda pansi kuchokera pa mishoni, pamene pali sukulu ya sekondale ya atsikana ija. Mtedza unawachitira chifundo chaka chino. Atalipira fizi ya ana ndi kupatula ya feteleza, panatsala kangachepe, ndipo anati kangachepeko kapite ku makoma a pabalaza. Sindinawatsutse. Mayi amene wakhala akusesa, kukolopa ndi kulandirira alendo m'chipinda chimodzimodzi kwa zaka zoposa khumi ali ndi ufulu wotopa ndi maonekedwe ake.

Nyumbayo ndi ya mtundu umene ambirife timaudziwa: njerwa zowotcha, malata opanda siling'i, pansi pa simenti pofiira, ndi mazenera awiri aang'ono. Makoma anali ogawidwa pakati. Kumwamba kunali laimu amene anasiya kalekale kukhala woyera. M'munsi, kulekeza m'chiuno, munali penti wa mafuta wobiriwira kwambiri, wonyezimira, uja tinakula tikumuona m'makalasi ndi m'makonde a zipatala. Malo ena anali atayamba kumatuka.

Alamu anali ataona chithunzi pa foni ya mwana wawo wamkazi: chipinda cha kunja kwa dziko lino, makoma ake obiriwira motuwira, mtundu woti ukauyang'ana mtima umakhala pansi. Anatuma mwana wawo wamwamuna ku Kamwendo ndi mawu awiri okha: "Ukagule wobiriwira." Mnyamata anamvera. Anabwera ndi chitini cha malita 5 cha penti wa madzi wobiriwira mochita kuthobwa m'maso. Atangopaka kumwamba kwa khoma limodzi, mayi woyandikana nawo anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi anzathu, mwayamba kugulitsa mayunitsi?" Ine ndinafika mawa lake n'kupeza alamu atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya.

"Alamu," anatero, "mtedza wanga wathera pakhoma limenelo."

Mlandu sunali wa mnyamatayo. M'chinenero chathu mawu akuti kubiriwira amanyamula katundu wambiri. Msipu wa mu Januwale ndi wobiriwira, tsamba la mango ndi lobiriwira, ndipo agogo athu thambo ndi nyanja ankazitchulanso zobiriwira. Wogulitsa m'shopu akamva mawu amenewa amatsitsa chitini chimene chili pafupi. Ndiye mukafuna mtundu wofatsawu, musapite ndi mawu okha. Thyolani tsamba la bulugamu kapena dulani kansonga ka khonje, mupite nako. Mtundu umene tikukambawu ndi umenewo: kubiriwira kokhala ngati kwawazidwa phulusa, kofanana ndi tsamba lakunja la kabichi, kapena dambo la mu Meyi udzu utayamba kutuwa koma usanaume.

Ine mtunduwu ndimaukonda, ndipo ndinene chifukwa chake. Dothi la madera ambiri kuno ku chigawo chapakati ndi katondo. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo imalowetsa fumbi lofiira pansi pa chitseko ndi pakati pa khoma ndi malata. Khoma loyera limaulula chilichonse, fumbi, zala za ana, ngakhale pamene agogo amatsamira mutu. Khoma lobiriwira motuwira limabisako, ndipo limagwirizana ndi zinthu zimene tili nazo kale m'nyumba: pansi pofiira paja, mipando yamatabwa, mphasa, lichero lopachikidwa pamsomali. Kufiira ndi kubiriwira ndi mitundu yotsutsana, choncho yonse iwiri ikakhala yowala imakangana m'maso, koma umodzi ukafatsa imakhalirana bwino. Sindikunena kuti penti amachiritsa matenda. Ena amalemba ngati kuti khoma lobiriwira limatsitsa kuthamanga kwa magazi, koma ine sindingakuuzeni zimenezo. Chimene ndinganene n'chakuti chipinda chimene sichikukuwira m'maso ndi chipinda chimene anthu amakhalitsamo, ndipo banja limene limakhala pamodzi madzulo lapindula kale.

Pali msampha umodzi. M'zithunzi za pa foni zija, nyumba zake zimakhala ndi mazenera aakulu ngati zitseko ndi magetsi kona iliyonse. Pabalaza pa alamu usiku pamayaka kababu kamodzi ka sola. Mtundu woderapo umameza kuwala, ndipo mwana amene akulemba ntchito ya kusukulu patebulo ndi amene amavutika. Udzudzunso umakonda kubisala m'malo amdima. Choncho mtundu umene mwaukonda pachithunzi, uyeretseni pang'ono kuposa mmene mukuuonera, ndipo ngati muli ndi siling'i musiyeni woyera kuti azibweza kuwala.

Chitini cha mnyamata chija sitinachitaye. Popeza anali penti wa madzi, uja amisiri amati PVA, tinagula ndowa ya malita 20 ya penti wa madzi woyera, ndi kabotolo ka utoto wofiirira wosakanizira m'penti. Wobiriwira uja anasanduka ndiwo, woyera ndiye nsima. Tinayamba ndi kapu ya pulasitiki: kapu imodzi ya wobiriwira pa makapu 8 a woyera, kenaka madontho ochepa a wofiirira. Wofiirirayo ndi amene amapha ukali wa kubiriwira. Ena amathira wakuda, koma wakuda akangopitirira pang'ono khoma limaoneka lakuda ndi litsiro. Muyezo wathuwu musautenge ngati lamulo, chifukwa penti wa makampani osiyana amasiyananso mphamvu. Lamulo lokha limene silisintha n'lakuti penti wa madzi sasakanizidwa ndi wa mafuta.

Tinapaka timagawo titatu pakhoma, kalikonse kukula ngati thireyi, n'kulemba muyezo wake m'munsi ndi pensulo. Kenaka tinadikira. Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, chifukwa wopenta amafuna ayambe lero lomwe. Penti wa madzi akauma amaderapo pang'ono, pomwe laimu akauma amayera kwambiri kuposa mmene amaonekera ali wonyowa. Tinayang'ana timagawoto m'mawa, masana ndi usiku kababu ka sola katayaka. Kamene alamu anakakonda masana kanaoneka ngati phulusa lenileni usiku, chifukwa mababu ambiri a sola amawala moyera mopita ku buluu. Tinasankha kachiwiri, kamene kanali ndi wofiirira wochulukirapo. Mukapeza muyezo wanu, sakanizani penti wa chipinda chonse nthawi imodzi m'ndowa imodzi. Mukasakaniza kawiri, khoma la kum'mawa ndi la kumadzulo adzakhala pachibale chabe, osati mapasa.

Za kuchuluka kwake, masamu ake ndi apafupi. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, khoma lotalika mamita awiri ndi theka, chili ndi makoma okwana masikweya mita 35. Mukachotsapo chitseko ndi zenera patsala pafupifupi 32. Lita imodzi ya penti wa madzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10 pakhoma losalala, ndipo mufunika kupaka kawiri. Ndiye malita 7 kapena 8 akukwanirani. Khoma lokhakhala kapena limene silinapakidwepo limamwa kuposa pamenepo. Wopenta akakuuzani kuti chipinda chimenecho chifuna ndowa ziwiri, mufunseni kuti yachiwiriyo ikupita kuti.

Khoma la laimu lili ndi khalidwe lake. Lisisiteni ndi chikhato. Chikayera, dziwani kuti penti amene mupake pamenepo adzamatirira ku ufa, osati ku khoma, ndipo mvula ikamatha adzakhala akugwa ngati makoko a mtedza. Laimu wofumbutukayo ayambe wachotsedwa ndi bulashi yolimba ndi madzi, khoma liume, kenaka mupake penti woyambira. Ngati mwangomata pulasitala, mupatseni masabata anayi kuti aume. Ndipo ngati m'munsi mwa khoma mumatuluka zoyera ngati mchere nthawi ya dzinja, chimenecho ndi chinyezi chochokera pansi. Konzani ngalande ndi khonde kunja kuti madzi a padenga asamaime m'mbali mwa nyumba. Penti sangagonjetse madzi.

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kulemba nkhaniyi. Tsiku lachitatu wopenta anabwera ndi sandipepa kuti akhule penti wa mafuta wa m'munsi uja. Sanalakwitse pa luso lake, chifukwa penti wa madzi sagwira pa wonyezimira pokhapokha atakhulidwa. Anali atayamba kale pakona, fumbi lobiriwira likugwera pansi, ndipo mdzukulu wa alamu wa chaka chimodzi ndi theka anali pomwepo akukwawa, chala chili m'kamwa. Ndinamunyamula mwanayo n'kupempha bamboyo kuti ayambe waima.

"Mayi, ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri," anatero, "sindinadwalepo."

Ndinamukhulupirira. Koma nkhawa yanga sinali pa iye yekha.

Penti wa mafuta wambiri wakale, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, ankapangidwa ndi mtovu, chitsulo cholemera chija chimene chimakhala m'mabatire a galimoto. Pa zitini amalemba kuti lead. Wobiriwira wowala ankamupanga posakaniza utoto wachikasu wa mtovu ndi utoto wa buluu, ndipo mtovu ankauthiranso kuti penti aziuma msanga. Mtundu wobiriwira uli ndi mbiri yoipa pa nkhani ya poizoni kuyambira kale. Mu 1775 katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anapanga utoto wobiriwira wokongola wokhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anthu ku England ankadwala m'zipinda zimene makoma ake anamatidwa mapepala a utoto wa mtundu umenewo. Poizoni ameneyo anasiyidwa kalekale. Mtovu ndi umene unatsalira, ndipo kuno kwathu si nkhani ya m'mabuku.

Bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'mashopu a m'dziko muno, ndipo zotsatira zake zitatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti penti wa mafuta wambiri anali ndi mtovu wopitirira muyezo umene mabungwe a United Nations amalimbikitsa, womwe ndi magawo 90 pa magawo 1,000,000 aliwonse. Makampani anauzidwa kuti asinthe, ndipo atayezanso mu 2023 anapeza kuti zinthu zasintha kwambiri. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa amene akugula chitini lero. Koma penti amene anapakidwa zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo akadali pamakoma athu, pazitseko, pamafelemu a mazenera ndi pamabedi a ana. Sanamve za lamulo latsopano.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lake limautenga kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umapita kukasokoneza ubongo umene ukukula. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri mwana saoneka kuti akudwala. Satentha thupi, satsegula m'mimba. Amangodzakhala mwana wovutika kugwira za m'kalasi, wosakhazikika, nthawi zina wochepa magazi, ndipo ife timadzati ndi waulesi kapena watengera kuchimuna. Chimene chawonongeka muubongo sichibwerera. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umadutsa n'kukafika kwa mwana m'mimba. Kwa akuluakulu, ngati wopenta uja, umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso mwakachetechete, kotero kuti munthu akhoza kunena moona mtima kuti sanadwalepo.

Penti wa mtovu akakhala wosamatuka ndi wosakhudzidwa, ngozi yake imakhala yochepa. Amaopsa akayamba kugwa tizidutswa, ndipo amaopsa koposa akakhulidwa pouma, chifukwa fumbi lake limakhala pansi pomwe mwana amakwawa, pamphasa, pambale, m'ming'alu ya simenti. Ndi maso simungadziwe ngati penti wanu wakale ali ndi mtovu, choncho penti wa mafuta aliyense wakale muzimutenga ngati ali nawo.

Tinachita motere. Mdzukulu ndi mayi ake, amene ali ndi pakati pena, anapita kukagona kwa achemwali awo masiku anayi. Mipando, mphasa ndi ziwiya zonse zinatuluka. Pansi tinayala mapepala a pulasitiki aja timafolerera nyumba. Fumbi limene linali litagwa kale sitinasese ndi tsache, tinalipukuta ndi nsanza zonyowa. Khoma tinalitsuka ndi madzi a sopo. Malo omatuka tinawanyowetsa kaye tisanapale, ndipo pokhula tinagwiritsa ntchito sandipepa wosaopa madzi, akuviikidwa m'madzi nthawi ndi nthawi, kungochotsa kunyezimira basi, osati kufika pa pulasitala. Wopenta anavala chotchinga pamphuno, ndipo ankasamba m'manja ndi kumaso asanadye. Zovala zake zinachapidwa pazokha. Kenaka anapaka penti woyambira amene amagwira pa wa mafuta, ndipo pamwamba pake wobiriwira wathu uja. Penti wakaleyo tsopano watsekeredwa mkati. Zopalidwa, nsanza ndi mapulasitiki tinazimanga m'jumbo n'kuzikwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, dimba ndi pamene nkhuku zimapalasa. Musaziotche, ndipo musalole aliyense kuchotsa penti wakale ndi moto, chifukwa utsi wake umanyamula mtovu womwewo.

Wopenta anadandaula kuti ntchito ya masiku awiri yatenga anayi. Alamu anamuonjezera ndalama, ndipo anachita bwino.

Pogula penti watsopano, werengani chitini. Funani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi mawu osonyeza kuti mulibe mtovu. Anthu a ku Mchinji ambiri amagula katundu ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami, ndipo funso ndi lomwelo mbali zonse ziwiri za malire. Penti wopimidwa m'mabotolo a zakumwa pamsika, wopanda dzina la amene anamupanga, musiyeni ngakhale atatchipa bwanji. Pa makoma a m'nyumba, penti wa madzi ndiye wabwino: kawirikawiri sakhala ndi mtovu, fungo lake ndi lochepa, ndipo bulashi imatsukidwa ndi madzi. Amene akuopa kuti ana adetsa m'munsi angagule wa madzi wotheka kupukuta. Ndi wodulirapo, koma mungamupake m'munsi mokha. Ngati mwapaka wa mafuta pazitseko ndi pamazenera, tsegulani paliponse ndipo pasagone munthu m'chipindamo mpaka fungo litatheratu, makamaka wa mphumu. Petulo ndi palafini si zosambira m'manja. Mafuta ophikira pang'ono ndi sopo amachotsa penti pakhungu.

Ngati mwana wanu wakhala akutola ndi kudya tizidutswa ta penti, kauzeni a chipatala, musachite manyazi. Ndipo dziwani kuti mwana wanjala, kapena woperewera ayironi ndi kashiamu m'thupi, amatenga mtovu wochuluka kuposa mnzake wodya bwino. Bonongwe, nkhwani wotendera, nyemba ndi phala la soya, zimene ku Mchinji sizisowa, zimathandiza mbali imeneyo, ngakhale sizichotsa fumbi pansi.

Kunena za nthawi, miyezi yopanda mvula ndiyo yopentera, makoma ali ouma. Juni ndi Julayi penti amachedwa kuuma chifukwa cha kuzizira, ndipo Okutobala amauma msanga mpaka bulashi kusiya mizere, choncho m'mwezi umenewo pentani m'mawa. Yambani kumayambiriro kwa mlungu. Amene amayamba Lachinayi, dzuwa la Lachisanu limawalowera mipando ili panja, nyumba ikununkha penti.

Tinakangana pang'ono pa chinthu chimodzi. Alamu ankafuna kuti ndowa ya malita 20 ija, ikatha, azitungira madzi akumwa, popeza ili ndi chivundikiro chabwino. Ndowa zimenezi mumaziona pa mjigo uliwonse, zina zikufululidwiramo thobwa. Ndinawauza kuti ndowa ya penti sinapangidwire chakudya, ndipo zotsalira zake zimakanirira m'mikwingwirima ya pulasitiki ngakhale mutsuke kangati. Chitini cha penti wa mafuta ndiye chisayandikire n'komwe kukhitchini. Anandiyang'ana ngati ndawalanda mbuzi, koma anavomera.

Ndinachoka ntchito itatsala pang'ono. Sabata yatha ananditumizira chithunzi. Makoma ndi a mtundu wa tsamba la bulugamu, mafelemu a mazenera ndi oyera, makatani ndi a chitenje chachikasu chofatsa chimene anali atasunga m'sutikesi, ndipo lichero labwerera pamsomali wake. Pakona pali ndowa ija, yabooledwa pansi, muli duwa. Pansi pa chithunzicho analemba kuti mayi woyandikana nawo uja wabwera kudzapempha muyezo wa makapu, ndipo iwo amuuza kuti ayambe wabwera ndi mwamuna wake adzaone mmene amakhulira khoma ndi madzi.